MAFUTA A PFUNGO NDI KUKOKANA KWA THUPI: MBIRI YACE

M'nyumba zambiri za m'makomboni a ku Migodi ndi m'matauni a m'mbali mwa njanje simulephera kupezeka kacitini kapena kabotolo ka mafuta a pfungo lamphamvu. Mafutawo amakumbukiridwa pakati pa usiku, pamene katumba wa mwendo wa bambo wauma gwa ngati mwala, kapena pamene m'mimba mwa mai mulikupotokola. Munthu amapaka natikita, ndipo kawiri-kawiri ululu umaleka. Cifukwa ca ici ambiri amakhulupirira kuti mafutawo ndiwo mankhwala a kukokana kwa mtundu uli wonse. Koma mbiri ya mafutawa, imene iri yaitali ndithu, isonyeza kuti cikhulupiriro cimeneci ciri coona mbali imodzi yokha, ndi kuti mbali inayo yaphetsa anthu.

Poyamba kuyenera kudziwika kuti mafuta amenewa ali osiyana ndi mafuta a nshawa kapena a nsatsi, amene amafinyidwa kucokera m'njere. Mafuta a pfungo amakhala m'timatumba tating'onong'ono ta m'masamba, m'makungwa ndi m'maluwa. Munthu akafikisa tsamba la ndimu kapena la bulugamu pakati pa zala, cimene amva m'mphuno ndiwo mafutawo alikuuluka. Dontho la mafuta a nshawa likagwera pa pepala limasiya banga losacoka, koma dontho la mafuta a bulugamu limauma ndi kupita mu mpweya.

MPHIKA NDI MPOPE

Popeza mafutawa amauluka, makolo a mitundu yambiri anakhala zaka zosawerengeka alikuwagwiritsa nchito popanda kuwaona okha-okha. Iwo ankawiritsa masamba ndi kumwa madzi ace, ankafukiza wodwala, kapena ankabviika maluwa m'mafuta a nyama. Nzeru ya kuwagwira mafutawo ndi kuwatsekera m'botolo inakula pamene anthu anaphunzira kudontheza nthunzi.

Kacitidwe kace sikacilendo kwa ali yense amene anaonapo kaphikidwe ka kacasu. Masamba amaikidwa mu mphika wa madzi wotsekedwa bwino. Moto ukayaka, nthunzi imakwera itanyamula mafuta, nilowa mu mpope umene umapyola m'madzi ozizira. M'mpopemo nthunzi imasandukanso madzi, nidonthera m'botolo, ndipo mafuta amayandama pamwamba. Cimene cimaturuka n'cocepa zedi. Mapaundi 100 a masamba aawisi a peppermint sapereka ngakhale paundi imodzi ya mafuta. Apa ndipo pagona mphamvu ya mafutawa ndiponso kuopsya kwace, pakuti kabotolo kamene kabisika m'dzanja kali ndi mphamvu ya mtolo waukuru wa masamba.

Amene anaikuza nzeru imeneyi ndiwo Aluya ndi anthu a ku Persia. M'zaka za m'ma 800, al-Kindi wa ku Baghdad analemba buku la kapangidwe ka zonunkhira ndi kadonthezedwe kace. Ibn Sina, amene anakhala ndi moyo kuyambira 980 kufikira 1037, analemba buku lacikuru la mankhwala limene madotolo a ku Ulaya anaphunziramo zaka mazana ambiri. Nzeruyo itaoloka nyanja, dotolo wina wa ku Strasbourg, dzina lace Hieronymus Brunschwig, anasindikiza buku la kudontheza mankhwala m'caka ca 1500. Kuyambira pamenepo mafuta a pfungo anayamba kukhala pa mashelefu a ogulitsa mankhwala.

KATSAMBA KA M'MIMBA

Mwa mafuta onse, amene mbiri yao imangika kwambiri ku kupotokola kwa m'mimba ndiwo a peppermint. Kameneka ndi katsamba ka mtundu wa timbeu tonunkhira, kamene kamakonda malo a cinyontho. John Ray, katswiri wa zomera wa ku England, anakafotokoza m'buku lace m'caka ca 1696, ndipo pofika 1721 kanalembedwa m'buku la mankhwala obvomerezeka la madotolo a ku London. Alimi a ku Mitcham, mudzi wa kumwera kwa London, anayamba kukalima m'minda yaikuru, kotero kuti mafuta a ku Mitcham anachuka m'maiko ambiri. Madotolo ankapereka madzi a peppermint kwa anthu otupidwa ndi odwala m'mimba mopotokola.

M'caka ca 1771 Hieronymus Gaubius wa ku Leiden, m'dziko la Holland, anapatula m'mafutawo kanthu koyera konga mcere. Kanthuko ndiko menthol, imene imacititsa khungu kumva kuzizira ngakhale kunja kuli kotentha.

MTENGO WA AKAIDI

M'mwezi wa January 1788, zombo 11 zocokera ku England zinakoceza ku Australia zitanyamula akaidi mazana ambiri pamodzi ndi asilikari owayang'anira. Iwo anamanga misasa pamalo pamene lero pali mzinda wa Sydney. Zakudya zinali zosowa, matenda a m'mimba anali ambiri, ndipo mankhwala amene anadza nao anali kucepa. Madotolo a ulendowo, John White ndi Denis Considen, anayamba kuyesa mitengo ya m'dzikomo, napeza mtengo wina umene masamba ace ananunkhira ngati peppermint. Anadontheza mafuta ace nawapatsa odwala. M'buku la White, limene linasindikizidwa mu 1790, munalembedwa kuti mafutawo anathandiza kupotokola kwa m'mimba koposa peppermint ya kwao.

Mtengo umenewo unali wa banja la bulugamu. Eni dziko la Australia anali atadziwa kale masamba a mitengoyi monga mankhwala. Cacilendo cinali kuwadontheza. M'caka ca 1852 Joseph Bosisto, wogulitsa mankhwala wocokera ku Yorkshire, anamanga modonthezera mafuta a bulugamu pafupi ndi Melbourne, ndipo malonda ace anafalikira kutali. Mitengo nayonso inayenda. Bulugamu amene amera m'mbali mwa miseu ya m'dziko muno ndi m'nkhalango zobzala za ku Migodi, kwao n'ku Australia, ngakhale kuti kuno anabzalidwa makamaka cifukwa ca mapolo, matabwa ndi nkhuni.

NYENGO YA TIZITINI

Mafuta ena awiri anadza kudzakwaniritsa gululi. Oyamba ndiwo camphor, wocokera ku mtengo waukuru wa ku China, Japan ndi cisumbu ca Taiwan. Aciwiri ndiwo mafuta a wintergreen, kacitsamba kakafupi ka m'nkhalango za ku North America, kamene eni dzikolo ankakagwiritsa nchito pa kuphwanya kwa thupi. M'caka ca 1843 Auguste Cahours wa ku France anapeza kuti pafupifupi mafuta onse a wintergreen ndi mankhwala amodzi ochedwa methyl salicylate. Ameneyu ndi mbale wace wa aspirin, amene anayamba kugulitsidwa mu 1899.

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 amalonda anaona kuti mafutawa akasanganizidwa ndi phula kapena mafuta olimba, munthu akhoza kuwasunga m'thumba ndi kudzipaka yekha. Mentholatum inaturuka ku Wichita, m'dziko la America, mu 1894. Dotolo wa ku France, Jules Bengué, anasanganiza menthol ndi methyl salicylate, ndipo mafuta ace anafika ku America mu 1898. Zam-Buk, imene iri ndi mafuta a bulugamu, inayamba kupangidwa ku Leeds mu 1902. Vicks inacokera ku Greensboro, ku America komweko. Tizitini totere tinatsata njanje ndi masitolo kufikira tinalowa m'migodi ndi m'midzi ya kumwera ndi pakati pa Africa.

Masiku amenewo ogulitsa mankhwala a m'masitolo ankalemba m'manyuzipepala malonjezo ali onse amene anafuna. M'caka ca 1909 bungwe la madotolo a ku Britain, la British Medical Association, linasindikiza buku lochedwa Secret Remedies, m'mene linaulula zimene zinali m'kati mwa mankhwala ambiri ogulitsidwa popanda dotolo. Linapeza kuti ena ogulitsidwa koposa shilingi imodzi anali ndi zinthu za mtengo wosakwana ndi peni yomwe. Komabe anthu sanaleke kugula, cifukwa mafuta opaka anali kucita kanthu kamene munthu anakamva pakhungu pace nthawi yomweyo.

KUKOKANA KWA M'MGODI

Panali mtundu wina wa kukokana umene kacitini kali konse kanaulephera. Amuna okumba malasha m'migodi yakuya ndi yotentha ya ku England, ndi amuna osonkhezera moto m'zombo za nthunzi, ankagwidwa ndi kukokana koopsya m'miyendo, m'manja ndi pamimba, kotero kuti mwamuna wamphamvu ankagwa pansi nabuula ngati mwana. Anzace ankamtikita, koma nthendayo inkacoka pa mnofu uwu nigwira wina.

Amene anafufuza nkhaniyi ndiye K. Neville Moss, mphunzitsi wamkuru wa za migodi pa University ya Birmingham, mothandizana ndi John Scott Haldane. Haldane ameneyu ndi yemwe uja analangiza kuti anthu a m'migodi azitsika ndi timbalame kapena mbewa, kuti tiziwacenjeza za mpweya woipa. Moss anayesa kulemera kwa anchito polowa ndi poturuka, anayesa madzi amene anamwa ndi thukuta limene anataya, nasindikiza zimene anapeza m'caka ca 1923. Cimene cinaoneka n'cakuti thukuta limaturuka ndi mcere. Munthu wokhetsa thukuta lambiri akamamwa madzi okha-okha, amabwezera madzi koma mcere osaubwezera, ndipo minofu yace imayamba kukokana. Anchito atayamba kumwa madzi othira mcere pang'ono, nthendayo inacepa. Zonga zomwezi zinapezekanso ku America kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930, pamene dotolo John Talbott wa ku Harvard anapima anchito omanga damu lalikuru la Hoover m'cipululu cotentha. Motero mankhwala amene anaimitsa mwamuna wa m'mgodi sanacokere m'maluwa a kutali, koma m'kambale ka mcere ka m'nyumba mwace.

Nkhaniyi inapitirira. M'caka ca 1997 Martin Schwellnus ndi anzace a pa University ya Cape Town, atapenda anthu othamanga mitunda yaitali, anafotokoza kuti kukokana kwambiri kwa pa nchito yolemetsa kumadza cifukwa ca kutopa kwa mnofu, pamene mitsempha youlamulira isokonezeka niuuza kuti ufinyike kosaleka. Ici ndico cifukwa cace kuongola mnofu wokokanawo kumathandiza msanga koposa cina ciri conse. Katumba akagwidwa, munthu aongole mwendo, nakokere zala za kuphazi kumtunda kulinga ku bondo, nagwire comweco kufikira mnofu utamasuka. Mafuta akhoza kubwera pambuyo pace, kudzatonthoza ululu wotsala.

CIMENE MAFUTA AMACITA

Kwa zaka zambiri anthu anadziwa kuti menthol imaziziritsa, koma sanadziwe njira yace. M'caka ca 2002 magulu awiri a ofufuza a ku California, lina lotsogozedwa ndi David Julius, lina ndi Ardem Patapoutian, anapeza kakhomo kakang'ono pa mitsempha ya m'khungu, kamene kamatseguka thupi likakhudzidwa ndi cinthu cozizira. Menthol imatsegula kakhomo komweko. Khungu silizizira kweni-kweni, koma uthenga wa kuzizira umathamangira ku ubongo nuphimba uthenga wa ululu, monga momwe ng'oma yolira pafupi imaphimbira kulira kwa ng'oma ya kutali. Amuna awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 2021 cifukwa ca nchito yao pa kamvedwe ka kutentha, kuzizira ndi kukhudza. Camphor ndi wintergreen zimacita monga momwemo pakupatsa khungu kumva kufunda. Kutikita kwa dzanja nakonso kuli ndi gawo lace lalikuru.

Pa za m'mimba, madotolo akale a ku London anapezeka kuti sanalakwe. Mafuta a peppermint amafewetsa minofu ya matumbo. M'caka ca 1979 madotolo a ku Cardiff, m'dziko la Wales, anasindikiza zotsatira za kuyesa kwao pa anthu odwala nthenda ya matumbo opotokola kawiri-kawiri, napeza kuti mafutawo anawathandiza. Koma iwo anawapereka m'timibulu topimidwa bwino, tokutidwa kuti tisasungunuke tisanafike m'matumbo. Kumeneku n'kosiyana kutali ndi kudonthezera mafuta a m'botolo m'kapu ya tiyi.

Amai ambiri amamva kupweteka kwa m'mimba pa nthawi ya kumwezi. Ofufuza a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anapeza kuti cibaliro cimaturutsa timadzi tochedwa prostaglandin, timene timacifinyitsa kolimba. Mapiritsi a mtundu wa ibuprofen, amene anayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1969, amacepetsa timadzito, ndipo botolo la madzi ofunda loikidwa pamimba limathandizanso. Kutikita pamimba ndi mafuta onunkhira, monga a lavender, kwayesedwa pa magulu ang'onoang'ono a amai, ndipo ambiri ananena kuti anapezako bwino. Kucipatala kumawerengedwa monga cothandizira cabe. Dzina lakuti aromatherapy, limene lamveka pa mabotolo a masiku ano, linachuka ndi buku la René-Maurice Gattefossé wa ku France la m'caka ca 1937. Dzinalo ndi latsopano, koma mafutawo ndi akale omwe aja.

MBALI YOOPSYA

Mbiri ya mafutawa iri ndi maliro ace, ndipo ambiri a iwo ndi a ana. Mafuta a wintergreen amanunkhira ngati switi, koma supuni imodzi yaing'ono ya tiyi iri ndi mphamvu yoposa mapiritsi 20 a aspirin a munthu wamkuru, ndipo ikhoza kupha mwana. Camphor akamwedwa amagwetsa mwana ndi kumgwedeza ngati wa khunyu pasanapite nthawi. Ku America ana ambiri anamwetsedwa mafuta a camphor molakwa, akuru atawayesa mafuta a nsatsi otsegula m'mimba, kotero kuti kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 boma la dzikolo linaletsa kugulitsa mafutawo. Mafuta a bulugamu nawonso ali ululu woopsya akamwedwa, ngakhale pang'ono.

Pa zimenezi panaturuka malangizo amene madotolo amapereka. Mafuta opaka asamwedwe, ndipo asungidwe pamwamba pamene mwana sangafike. Mafuta eni-eni a m'kabotolo asapakidwe okha pakhungu, koma madontho awiri kapena atatu asanganizidwe m'supuni yaikuru ya mafuta ophikira. Asapakidwe pa bala, pafupi ndi maso, kapena pankhope ndi pamphuno pa khanda, pakuti akhoza kulitsekereza kupuma. Pamalo popakidwa pasamangidwe nsaru yothina kapena kuikidwa botolo la madzi otentha, cifukwa khungu likhoza kupsya. Mai wa pakati ayambe wafunsa ku kiliniki.

Coopsya cina n'cakuti mafuta amatonthoza munthu amene anayenera kuthamangira kucipatala. Kukokana kwa miyendo kumene kudza pamodzi ndi kutsegula m'mimba kwa madzi-madzi ndi kusanza kukhoza kukhala cizindikiro ca kolera. Wodwala wotere afunika madzi a mcere ndi shuga nthawi yomweyo, ndiwo masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, ali pa ulendo wa kucipatala. Wanchito amene wakokana m'malo otentha, nayamba cizungulire kapena kulankhula zosamveka, aturutsidwe kumalo ozizira ndi kuonedwa ndi a cipatala ca mgodi. Nsagwada zikauma ndi thupi kukokana patapita masiku munthu atalasidwa ndi msomali kapena citsulo, ameneyo akhoza kukhala kafumbata. Katumba wa mwendo umodzi akatupa, natentha, napweteka kosaleka, asatikitidwe konse, pakuti mwina magazi aundana m'mtsempha, ndipo kutikita kungawasunthire ku mapapo. M'mimba mukapweteka kumunsi ca ku dzanja lamanja pamodzi ndi kutentha thupi ndi kusanza, kapena mai amene wadumpha mwezi akamva ululu wolasa ndi kutaya magazi, imeneyo ndi nchito ya dotolo wa opareshoni, ndipo ora liri lonse lotayidwa pa kupaka mafuta liri la mtengo wapatali.

Kucokera ku mphika wa ku Baghdad kufikira ku kacitini ka m'sitolo papita zaka zoposa 1,000. M'zaka zonsezo mafuta a pfungo asunga malo ao, cifukwa amacitadi cimene anthu amawakondera: amatonthoza mnofu wotopa, ndipo a peppermint, akapimidwa bwino, amafewetsa matumbo. Koma pamene amuna a m'migodi ya malasha anali kugwa ndi kukokana, anapulumuka cifukwa munthu wina anafunsa kumene nthendayo inacokera. Akuru anati safunsa anadya phula. Munthu wanzeru, asanatsegule kacitini, ayambe wafunsa kuti kukokana kumene kwamgwira n'kwa mtundu wanji.